Chipolopolo chilowe mpaka pati m'chigoba chake?

Kuno ku Indiana kunja kwayamba kale kuzizira, masamba akuyoyoka, ndipo alenje ayamba kupukuta mfuti zawo podikira Novembala. Lero ndili ndekha. Tsiku lija nditatchula mongodutsa kuti ndikaweruka ku ntchito yanga ya makompyuta ndimakhala m'galaja kudzipangira makatiriji a mfuti yanga, ambiri munaseka, koma ena munafunsa mafunso enieni. Limodzi mwa mafunsowo ndi ili: chipolopolo chimayenera kulowa mpaka pati m'chigoba chake? Limaoneka funso laling'ono, komatu ine linandionongera tsiku lathunthu la ulenje, ndipo likanatha kundiononga nkhope.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ambiri mwa inu ndinu alendo m'maiko omwe mukukhalamo. Ku America munthu wololedwa kukhala ndi mfuti angathe kudzipangira makatiriji oti agwiritse yekha popanda laisensi ina ya boma lalikulu, koma akafuna kugulitsa pamafunika laisensi, ndipo zigawo zina zimawonjezera malamulo awoawo. Inu amene muli pa viza ya sukulu kapena yongocheza, lamulo limakuletsani kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi chilolezo chosakira nyama. Ku Britain sangakugulitseni primer ya mfuti yotere musanaonetse setifiketi yanu ya mfuti. Ku South Africa, pansi pa Firearms Control Act ya 2000, chiphaso choyamba chija chimaperekedwa kwa nzika kapena munthu wokhala ndi pepala lokhazikika m'dzikomo. Ndiye musadzathamangitsidwe m'dziko la eni chifukwa cha nkhani yomwe munamva kwa ine. Chinanso, lero sinditchula mlingo wa onga. Umenewo mukawerenge m'buku la kampani yopanga onga kapena zipolopolo, osati kwa munthu wa pa intaneti, ngakhale ine amene.

Kwathu timangoti chipolopolo, kutanthauza chinthu chonse chomwe amaika m'mfuti. Lero tisiyanitse pang'ono kuti timvane. Chinthu chathunthucho ndizichitcha katiriji. Katiriji ili ndi zinthu zinayi: chigoba cha mkuwa, primer yomwe ili kumatako kwa chigobacho ndipo imathetheka ikamenyedwa, onga womwe uli m'kati, ndi chipolopolo chenicheni, chomwe chimatuluka n'kupita. Kukamwa kwa chigoba kuli kakhosi kopapatiza komwe kamagwira chipolopolo. Popanga katiriji umaika chigoba pa makina okanikizira, n'kukankhira chipolopolo m'khosimo. Pamwamba pa chida chokankhiracho pali kasikuluwu, ukakapotoza chipolopolo chimalowa kwambiri kapena chimatsala kunja kwambiri. Nkhani yathu yonse ili pa kasikuluwu kameneka.

Chaka changa chachiwiri ndikuchita zimenezi, ndinawerenga kuti akatswiri owombera patali amatalikitsa katiriji mpaka chipolopolo chikagunde m'kati mwa paipi ya mfuti. Ndinati ahaa, chinsinsi ndi chimenechi eti. Ndinapanga makatiriji ataliatali a mfuti yanga ya .308 Winchester, ndipo pa malo oyeserera analasa bwino ndithu. Bolt, mpiringidzo uja umatseka katiriji kumbuyo, inkalimba pang'ono potseka, koma ndinkati zimakhala choncho. Tsiku la ulenje ndinakwera pa nsanja ya mumtengo pa famu ya mnzanga kusanache. Gwape sanabwere. Cha m'ma teni ndinafuna kutsika, ndipo lamulo la mlenje aliyense n'lakuti sutsika mumtengo ndi mfuti yodzaza. Nditakoka bolt, chigoba chinatuluka chokha, chipolopolo chitatsalira m'paipi, ndipo onga wonse unakhuthukira m'kati mwa mfuti, m'magazini mpaka pa trigger. Ndinalibe ndodo yotokosera m'paipi. Ulenje unathera pomwepo, ndinangokhala m'galimoto kudikira anzanga kwinaku ndikuotha hita.

Madzulo ake bambo wina wachikulire wa ku kalabu yathu, yemwe anayamba kupanga makatiriji ine ndisanabadwe, anagwira imodzi mwa makatiriji otsala aja, n'kuionetsa ku getsi. Pa chipolopolo panali timabala tozungulira tooneka bwinobwino. Anandifunsa kuti, kodi pomwe unatalikitsa katirijiyi, onga unachepetsa? Ndinati ayi bambo. Anangopukusa mutu. Kutayika kwa onga kuja sikunamudetse nkhawa kwenikweni. Chomwe chinamudetsa nkhawa ndi zomwe zinkachitika m'paipi nthawi zonse zomwe ndinkawomba.

Kuti mumvetse, taganizani kuti mwasuzumira m'paipi ya mfuti yopanda kanthu kuchokera kumbuyo. Poyamba pali kachipinda komwe katiriji imakhala. Kutsogolo kwake kuli kampata kosalala, tikatche mmero. Kupitirira mmero kumayamba mizere yozungulira ngati chingwe chopota, yomwe imapangitsa chipolopolo kuzungulira kuti chiziuluka mowongoka. Zili ngati m'munda: pali mizere yotukuka ndi ngalande pakati pake. Mizere yotukukayo pa Chingerezi amati lands, ndipo ndi yomwe imaluma chipolopolo. Pa mfuti ya .308, kuchoka pamwamba pa mzere kufika pamwamba pa mzere wa mbali inayo ndi 0.300 ya inchi, pomwe chipolopolo ndi 0.308. Ndiye kuti chipolopolo n'chonenepa kuposa njira yake, chimachita kudzikanikiza kuti mizere ichidinde. Mtunda womwe chimayenda mwaufulu chisanakumane ndi mizere amautcha jump, kudumpha. Chikakhala kuti chalumidwa kale mfuti isanalire amati jam. Makatiriji anga aja anali pa jam, ine osadziwa n'komwe kuti analowa mozama bwanji.

Manambala ake ndi ang'onoang'ono kwambiri. Anthu a ntchitoyi amawerenga m'magawo a 0.001 ya inchi, yomwe ndi 0.0254 ya milimita. Pepala la mu printa ya ku ofesi limakhala cha m'ma 0.004. Choncho wina akati chipolopolo chake chimadumpha 0.020, akunena mtunda wofanana ndi mapepala asanu osanjikiza. Anthu akuluakulu ndevu pepepe amakangana usiku wonse pa mapepala asanu amenewa.

Tsono onga ukayaka umasanduka mpweya wotentha womwe umakankha mbali zonse. Bungwe la SAAMI, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926 ndipo limaika miyezo ya mfuti ndi makatiriji ku America, linaika malire a .308 Winchester pa 62,000 psi. Tayala la galimoto yanu lili ndi cha m'ma 32. Pulesha yonseyo imabadwira pafupi ndi tsaya lanu. Chipolopolo chikakhala ndi pothamangira chisanafike pa mizere, chimailowa chili kale ndi liwiro, ndipo malo a mpweya kumbuyo kwake amakhala akukula. Chikakhala cholumidwa kale, chimayenera kuyamba ulendo ndi kudindidwa nthawi imodzi. Amene munakankhapo galimoto yofa batire mukudziwa kusiyana kwa kukankha ili pamtetete ndi kukankha tayala litatsamira kale pa mwala. Kachedwedwe kakang'onoko kamakwana kuti pulesha ikwere kuposa momwe buku linayezera. Onga womwe unali wabwinobwino pa kudumpha ungathe kupyola malire pa jam. Ndi zomwe mdala uja ankandifunsa.

Mwina wina akuti, basi ndiye tizingolowetsa chipolopolo m'kati kwambiri. Ayinso. Chipolopolo chikamalowa m'chigoba chimalanda malo a onga, ndipo moto woyakira m'malo othinana umakweza pulesha. Pa katiriji ya mfuti yaitali, yokhala ndi chigoba chachikulu, ukachoka pa mizere n'kumalowetsa pang'onopang'ono, pulesha imayamba yatsika, kenako ukapitiriza imadzayambanso kukwera. Zoopsa zili mbali zonse ziwiri, pakati mpomwe pali mtendere. Pa pisito nkhani ndi ina. Chigoba cha 9mm n'chaching'ono, malo otsala m'katimo ndi ochepa zedi, ndiye kulowa pang'ono chabe kumakweza pulesha mwamsanga, pomwe malire ake ndi 35,000 psi. Izi zimakhudzanso anthu omwe sapanga okha makatiriji. Katiriji imodzi yomweyo ukamailowetsa ndi kuitulutsa m'pisito tsiku ndi tsiku, mphuno yake imagunda pa chitsulo nthawi iliyonse, ndipo chipolopolo chingathe kumabwerera m'kati pang'onopang'ono. Mukaiimika pambali pa inzake yatsopano n'kuona kuti yafupika, imeneyo siyowombanso.

Apa ndimakumbukira agogo anga aamuna akufotokoza za gogodera, mfuti zakale zothira onga kukamwa. Iwo ankati chipolopolo uzichitsendera ndi ndodo mpaka chikhale pa onga penipeni, ukasiya mpata paipi ingakuphulikire m'manja. Sankadziwa psi, koma ankadziwa kuti pomwe chipolopolo chakhala ndi nkhani ya moyo. Kungoti lamulo la gogodera musalitengere ku katiriji yamakono, onga wake ndi wosiyana.

Tibwere pa kuyeza, pomwe ambiri timasokonekera. M'mabuku mumapeza nambala yotchedwa COAL, utali wa katiriji yonse kuchoka kumatako kufika kunsonga. SAAMI imati .308 Winchester isapitirire mainchesi 2.810, .223 Remington isapitirire 2.260, ndipo 9mm Luger isapitirire 1.169. Ku Ulaya, kuphatikizapo Britain, ntchito yofananayo imagwiridwa ndi bungwe la CIP, ndipo manambala ake amakhala m'mamilimita. Miyezo imeneyi cholinga chake n'chakuti katiriji ya kampani iliyonse ilowe m'mfuti ya kampani iliyonse ndi m'magazini yake. Siikuuzani kuti mizere ya mfuti yanu ili pati.

Vuto lina n'lakuti nsonga ya chipolopolo siikhudza chilichonse m'paipi. Chomwe chimakumana ndi mizere ndi paphewa, pomwe chipolopolo chimayambira kuwonda kupita kunsonga, pamene amati ogive. Nsonga zimasiyana ngakhale m'bokosi limodzi, makamaka zija zokhala ndi kabowo kumapeto kapena zokhala ndi mtovu poyera. Ine poyamba ndinkayeza kunsonga, ndikaona kuti iyi yatalika ndi 0.005 n'kupotoza kasikuluwu, inayo yafupika n'kupotozanso. Ndinkaganiza kuti ndikulinganiza, pomwe ndinkasokoneza mapewa omwe anali olingana kale. Chofunika ndi kachida kotchedwa comparator, kokhala ndi bowo, komwe umamangirira pa caliper kuti uyeze kuchoka kumatako kufika paphewa. Muyezo umenewu amati CBTO. Koma chenjerani, mabowo a tizidati amasiyana pang'ono kampani ndi kampani, ndiye CBTO ya mnzanu yoyezedwa ndi chida chake ilibe tanthauzo pa tebulo lanu. Ku ntchito ndinaonapo mnyamata atakopera mafayilo a makonzedwe a seva ina n'kuwaika pa seva yathu chifukwa choti kumeneko ankagwira bwino. Tinagona ku ofesi usiku umenewo. Kukopera utali wa katiriji kwa munthu wina n'chimodzimodzi, kungoti apa palibe batani lobwezera.

Nanga mizere ya mfuti yanu mungaipeze bwanji? Choyamba, mfuti ikhale yopanda kanthu, ndipo patebulo pasakhale katiriji yamoyo ngakhale imodzi. Kampani ya Hornady imagulitsa kandodo kokhala ndi chigoba chapadera chomwe khosi lake n'lotakasuka. Umalowetsa chigobacho m'kachipinda, n'kukankha chipolopolo kuchokera kumbuyo mpaka umve kuti chagunda, n'kumanga kasikuluwu, n'kutulutsa kukayeza. Ngati mulibe ndalama yake, pangani katiriji yabodza, yopanda primer ndi onga, mupake chipolopolo inki ya maka, muilowetse n'kuitulutsa. Mizere ikakhudza imasiya timabala pa inkiyo. Muzifupikitsa pang'onopang'ono mpaka timabala titasiya kuoneka. Njira iliyonse yomwe mwasankha, bwerezani kasanu kapena kupitirira, chifukwa dzanja la munthu silikankha mofanana kawiri. Ndipo muyezo umenewo ndi wa chipolopolo cha mtundu umenewo basi. Mukasintha mtundu, ngakhale kulemera kukhale komweko, muyezenso, chifukwa phewa lake lili pena.

Tiyerekeze kuti mwapeza kuti chipolopolo chikugunda pa CBTO ya 2.250. Mukafuna kudumpha kwa 0.020, mupanga makatiriji a 2.230. Masamu ake athera pomwepo. Komabe musanasangalale, yesani katiriji yabodzayo m'magazini. Mfuti zambiri za kufakitale zili ndi mmero wautali moti magazini imakukanizani musanayandikire n'komwe mizere. Pamenepo funso layankhidwa kale, pangani utali womwe magazini ikulola, musiyeko kampata kuti isamakodwe, basi. Chinanso choyang'ana ndi khosi. Anthu akale a ntchitoyi amati gawo lowongoka la chipolopolo lomwe lili m'khosi likhale pafupifupi lofanana ndi kunenepa kwa chipolopolocho. Silamulo la Mose, koma pa makatiriji oyenda nawo m'thumba kutchire ndi nzeru yabwino, chifukwa chipolopolo chogwidwa ndi kansonga chabe chimapendama kapena kuguluka.

Mmero wautali si chilema nthawi zonse. Roy Weatherby, yemwe anayambitsa kampani yake mu 1945, ankapangira dala mfuti zake ndi mmero wautali kuti makatiriji ake a onga wambiri asakweze pulesha mopyola. Kachipinda ka 5.56 NATO kalinso ndi mmero wautali kuposa ka .223 Remington, ngakhale makatiriji ake ukawayang'ana ndi maso amafanana. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe SAAMI imachenjezera kuti katiriji ya 5.56 isawombedwe m'mfuti yolembedwa .223.

Zipolopolo nazo zili ndi makhalidwe. Zina phewa lake limapindika mofatsa, zimenezi sizisankha, zimalasa bwino kaya zadumpha pang'ono kaya kwambiri. Zina, monga za Berger zotchedwa VLD, ndi zosongoka kwambiri kuti zizidula mphepo patali, ndipo zimadziwika kuti zimasankha malo. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti zimenezi zimafuna jam basi. Kenako kampani ya Berger yomweyo inalangiza kuyesa pa malo anayi otalikirana ndi 0.040, mpaka kupitirira 0.100 kuchoka pa mizere, chifukwa m'mfuti zambiri zinkalasa bwino zitadumpha mtunda wautali. Za mkuwa wokhawokha zopanda mtovu ndi zolimba podindidwa, ndipo kampani ya Barnes imalangiza kuyambira pa 0.050 kuchoka pa mizere. Ndiye mukaona munthu akunena nambala imodzi kuti ndi yoyenera aliyense, dziwani kuti akunena za mfuti yake.

Poyesa ndimatsata zomwe ntchito yanga inandiphunzitsa, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kulemba. Ukasintha onga, primer ndi utali tsiku limodzi, zinthu zikasintha sudziwa kuti wachita ndi ndani. Ndipo nthawi iliyonse mukamasendera kufupi ndi mizere, bwererani ku mlingo woyambira wa onga womwe uli m'buku, n'kukweranso pang'onopang'ono. Bolt ikayamba kulimba potsegula mutawomba, kapena kumatako kwa chigoba kukaoneka kachipsera kowala, kapena makina oyezera liwiro akaonetsa nambala yoposa ya m'buku, siyani pomwepo. Zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimaoneka mochedwa, malire mutawadutsa kale.

Pano ndinenepo maganizo anga, ena akwiya. Ndikuona kuti ambiri timalipatsa funsoli ulemu woposa muyezo wake. Munthu amawomba katatu pa utali uwu, katatu pa utali uwo, n'kuona kuti gulu lachitatu labwera pamodzi, n'kulengeza kuti wapeza. Sabata yamawa utali womwewo ubalalika, n'kuyamba kunamizira mphepo. Akatswiri a ku Hornady ananenapo poyera kuti timagulu ta zipolopolo zitatu kapena zisanu n'tochepa kwambiri kuti munthu aweruzirepo, ndipo kuti ukawomba makumi angapo, kusiyana kwambiri komwe unkaona kumazimirira. Ine ndimagwirizana nawo. Netiweki ukaiyesa katatu n'kuyankha bwino sunganene kuti yachira. Amene amawombera pa mpikisano wa mayadi 1,000 ali ndi chifukwa chosakira 0.003, ndipo ena mwa iwo amagwiritsadi jam mwadala, atakonzera onga wawo pomwepo, podziwanso kuti katiriji ikalowa iyenera kuwombedwa. Koma iwe wosaka gwape pa mayadi 100, gwapeyo sadziwa kusiyana kwa 0.020 ndi 0.040. Chomwe ukufuna ndi katiriji yolowa mosavuta, yotuluka yathunthu, ndi yolasa pamalo amodzi m'chisanu ndi m'chilimwe.

Chomaliza chomwe anthu amaiwala n'chakuti mizere imathawa. Moto wa onga umadya mmero pang'onopang'ono, ndipo poyambira mizere pamasendera kutsogolo. Muyezo womwe munapeza mfuti ili yatsopano sukhala womwewo mutawomba kambirimbiri, ndipo makatiriji a onga wambiri pa paipi yopapatiza amadya msanga kuposa .308. Ichi n'chifukwa china chomwe ndinasiyira kukhala pafupi kwambiri ndi mizere. Katiriji yomwe imalasa bwino pokhapokha itakhala pa mapepala awiri kuchoka pa mizere imafuna kuithamangira mwezi ndi mwezi, ine nthawi imeneyo ndilibe, ndili ndi ana awiri ndi foni ya ku ntchito yomwe imalira pakati pa usiku.

Masiku ano makatiriji anga osakira ndimawapanga pa utali wolowa m'magazini momasuka, chipolopolo chili kutali ndithu ndi mizere. Ndikamaliza bokosi, ndimalemba pa chivundikiro mtundu wa chipolopolo, CBTO, comparator yomwe ndayezera ndi tsiku. Pa mtundu uliwonse ndimasunga katiriji yabodza imodzi m'kabati, kuti ndikadzafuna kubwezera kasikuluwu pamalo pake ndisayambenso kusaka. Mfuti ija inanditengera madzulo awiri kuti ndichotse onga wonse pa trigger ndi kaburashi. Chipolopolo chomwe chinatsalira m'paipi chija ndinachitulutsa ndi ndodo nditafika kunyumba, ndipo chili pa shelefu pamwamba pa makina okanikizira, timabala ta mizere tikuonekabe kuzungulira phewa lake.